Mphindi zina za ulendo wa pa ndege zimapita kuti?

FUNSO: Akonzi, mwezi wamawa ndikwera ndege koyamba kuchoka pa bwalo lina laling'ono kupita pa linzake. Mabwalo awiriwa atalikirana makilomita 400, ndipo ndinamva kuti ndege imathamanga makilomita 800 pa ola. Ndikawerengera ndikupeza theka la ola, koma pa tikiti alembapo ola limodzi ndi mphindi 10. Kodi atilakwitsira, kapena pali chimene sindikuchidziwa?

YANKHO: Masamu anu ali bwino, koma mwayamba kuwerengera pamalo pamene makampani a ndege sayambirapo. Nthawi ya pa tikiti imayamba pamene ogwira ntchito pabwalo achotsa zotchingira matayala ndipo ndege yasuntha pamalo pomwe inaima, ndipo imatha pamene ndegeyo yaimanso poti anthu atsike. Choncho kuyenda pang'onopang'ono kupita kumsewu wonyamukira, kudikira chilolezo cha oyang'anira omwe amakhala pa nsanja, ndiponso kubwerera poimikira ikatera, zonsezi zili m'kati mwa mphindi 70 zanuzo.

Nkhani yaikulu kwambiri ndi ya liwiro lija. Makilomita 800 pa ola ndi liwiro la ndege monga Boeing 737 ikafika m'mwamba ndithu, pamtunda wa makilomita 10 kapena kuposerapo. Pa ulendo waufupi ndege imangofika kumeneko n'kuyambanso kutsika, mwinanso osafikako n'komwe. Komanso m'mayiko ambiri lamulo sililola ndege kupitirira makilomita pafupifupi 460 pa ola ikakhala pansi pa mafiti 10,000, omwe ndi mamita pafupifupi 3,000. Ndikukayikanso ngati mudzakwere Boeing, chifukwa mabwalo ang'onoang'ono kawirikawiri amalandira ndege za mapulopela monga ATR 72, yomwe imathamanga makilomita pafupifupi 500 pa ola. Pa liwiro limenelo, makilomita 400 okhawo atenga kale mphindi 48 musanawonjezere chilichonse.

Mtunda wa pa mapu nawonso ndi wa mzere woongoka, pamene ndege imanyamuka moyang'anana ndi mphepo ngakhale komwe ikupita kuli kumbuyo kwake, kenaka n'kukhota kuti ilowe m'njira yomwe yapatsidwa. Mphepo yomweyo ndi imene imachititsa kuti nthawi yopita ndi yobwerera zisiyane. Pa maulendo aatali kusiyanaku kumakula zedi: mu February 2020 ndege ya British Airways, itakankhidwa ndi mphepo yamkuntho, inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56, ulendo umene pa ndandanda umakhala wa maola pafupifupi 7. Pa ulendo wanu mphepo ingangoba kapena kukubwezerani mphindi zochepa chabe, ndipo kampani imaika kale mphindi zina zapadera pa ndandanda kuti isamaoneke yochedwa tsiku ndi tsiku.

Chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti muchione ndi ichi: nthawi yonyamuka ndi yofika imalembedwa malinga ndi wotchi ya kumalo kumene bwalo lililonse lili. Ngati mabwalo anu ali m'mayiko awiri osiyana nthawi, mutha kuona ngati ulendo watalika kapena wafupika ndi ola lathunthu, pamene ndege yauluka mphindi zomwezo.