Kodi thirakitala yakale ya Ferguson ndiigule?

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg, ndipo abwana anga akufuna kundigulitsa thirakitala yakale yotuwa ya Ferguson, imene kuno amaitcha Vaaljapie, kuti ndikalimire kwathu ku Kasungu. Batire yake imangotha, ndipo nditaikamo ya galimoto, koilo (kachipangizo kopereka moto ku mapulagi a injini) inapsa. Kodi chinthu chakale chotere chingalimbebe? Wowerenga wa ku Rosettenville.

Yankho: Bambo, pa nkhani ya chitsulo musade nkhawa kwambiri. Thirakitala imeneyi, Ferguson TE20, inkapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo zinapangidwa zoposa 500,000. Injini, giyabokosi ndi ekiselo yakumbuyo anazimanga pamodzi kukhala msana wa thirakitala yonse, pamene pulawo imamangidwa pa mfundo zitatu, njira imene Harry Ferguson anatchuka nayo, kotero kuti kulemera kwa dothi kumakanikiza matayala akumbuyo pansi m'malo modzutsa kutsogolo.

Kuyesa mathirakitala mwalamulo kunayamba mu 1920 ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska ku America, alimi atatopa ndi kugulitsidwa makina osagwira ntchito. Koma kumeneko amayesa makamaka mphamvu yokoka ndi kamwedwe ka mafuta, osati zaka zimene chitsulo chingapirire. Kwa ine umboni woposa ndi wa Edmund Hillary wa ku New Zealand, amene anafika ku South Pole, kumapeto a dziko kummwera kozizira kwambiri, mu Januwale 1958 ndi mathirakitala atatu a mtundu womwewu.

Pofooka pa thirakitalayi ndi magetsi, ndipo ndikukayikira kuti koilo munaiotcha ndinu. Zoyambirira zinali za magetsi a mavoluti 6, za mavoluti 12 zinabwera pambuyo pake, choncho batire ya galimoto, imene ndi ya mavoluti 12, imaotcha koilo ndi mababu a mavoluti 6. Komanso zambiri za nthawi imeneyo ankalumikiza mbali ya pozitivu ku chitsulo cha thirakitala, mosiyana ndi magalimoto a lero, ndipo mukatembenuza batire osakonzanso dayinamo (chotchaja batire) kuti igwirizane nayo, batire siitchajika ndipo reguleta, imene imawongolera kutchajako, imatha kuwonongeka. Werengani manambala amene adindidwa pa dayinamo ndi pa sitata musanagule chilichonse. Ngati thirakitalayo ndi ya mavoluti 6, mawaya a batire akhale onenepa, chifukwa a galimoto wamba amachepa ndipo sitata imazungulira mwaulesi, makamaka m'mamawa wozizira wa mu Juni kuno ku Joni.

Okonda zakale andikhululukire, koma thirakitala yopita kumunda ndingaisinthe kukhala ya mavoluti 12 yokhala ndi oteneta m'malo mwa dayinamo, negetivu ku chitsulo, koilo ndi mababu zatsopano, popeza zimenezi makaniko aliyense ku Kasungu amazidziwa. Musanapereke ndalama, mangani pulawo, muikweze injini itatentha, kenako muzimitse injiniyo. Pulawo ikagwa msanga, ndiye kuti haidiroliki yokwezera pulawo ikudontha mkati, ndipo mtengo utsike.