Kwa amayi amene akufuna kugulitsa PlayStation ya mwana wawo

Mayi ena a ku Mufakose, kuno ku Harare, anditumizira imelo sabata ino. Akuti alongo awo okhala ku Joni anabweretsera mwana wawo wamwamuna, wazaka 14, PlayStation 4 pa Khirisimasi, ndipo kuyambira pamenepo mnyamatayo akumadzuka pakati pa usiku kukasewera, m'mawa n'kumavuta kudzuka kuti apite kusukulu. Funso lawo ndi lalifupi: "Ndiigulitse?" Makalata ena onse ayambe adikira, chifukwa funso limeneli landikanda pachilonda.

Amayi, musaigulitse. Koma mundilole ndifotokoze mwa njira yanga, popeza nkhani imeneyi ine ndinaionera mbali ya mwanayo.

Ndinakulira ku Mbare. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu m'nthawi ya chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, n'kudzapeza ntchito yophika kwa azungu mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Kumudzi sanabwererenso, monga matchona ena ambiri amene zidzukulu zawo tadzaza Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Pakhomo pathu panalibe PlayStation. Inali kwa bambo wina wometa anthu tsitsi, amene kuseri kwa shopu yake anaikako benchi, TV ya chimsana ija, ndi PlayStation 2 ya mapadi (zogwira m'manja posewera) awiri, ina yokulungidwa ndi tepi pamene chingwe chinathyoka. Gemu yathu inali Pro Evolution Soccer 6, imene inatuluka mu 2006. Malamulo analipo awiri ndipo aliyense ankawadziwa popanda kuuzidwa. Wopambana sachoka pabenchi, wogonja apereke padi kwa wotsatira. Ndipo palibe kusankha Inter Milan, chifukwa Adriano wa m'gemu imeneyo akangotulutsa mwendo wamanzere, ngakhale ali kutali bwanji, goloboyi ankangouperekeza ndi maso. Tikaika chimbale cha FIFA, mkangano unkakhala wa amene atenge Portsmouth, chifukwa kumeneko n'kumene kunali Benjani Mwaruwari, mwana wa ku Bulawayo wa magazi a ku Malawi ngati ife. Kumuona pa TV paja, dzina lake litalembedwa pamwamba pa kamunthu kamene ukukayendetsa ndi zala zako, mtima unkachita kudumpha.

Kenako chinafika chaka cha 2008. Amene munali kuno mukukumbukira kuti ndalama inkatha mphamvu ili m'thumba, mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Bambo uja anafufuta mtengo pakhoma n'kuyamba kulandira chilichonse, ma rand, dzira, ngakhale kusesa tsitsi m'shopumo. Aphunzitsi ambiri anali atasiya kupita kuntchito, masukulu ali gwa, ndipo anyamata a msinkhu wathu tinali ndi tsiku lonse lopanda chochita komanso mimba zopanda kanthu. Kachipinda kaja kanatisunga. Ndikunena zimenezi ndi mtima wonse: ambiri a ife amene tinatuluka m'chaka chimenecho mitu ili bwinobwino tinali pabenchi paja, tikudikira padi.

Bambo anga sankaziona choncho. Anali munthu wa tchalitchi, wolimbikira ntchito, ndipo kwa iwo magemu anali zachibwana zowononga mutu. Anandiletsa. Chimene chinkandipweteka n'chakuti iwo omwewo Lamlungu masana, akangoweruka ku mapemphero, ankapita kuseri kwa mafulati kukakhala pa bawo mpaka mdima. Pamenepo munthu amawerenga nkhomo m'maenje asanagwire ngakhale imodzi, oonerera atazungulira akumulangiza mokuwa, wogonja n'kunyamuka kuti wina akhale. Ndinaima pambali kambirimbiri kuonerera, ndipo chimene ndinkaona pa bawo paja n'chimene tinkachita ife kuseri kwa shopu yometera. Chosiyana chinali chakuti chawo anachipeza kwa makolo awo, chathu chinabwera ndi magetsi.

Kuletsako sikunandisiyitse, kunangondisamutsa. Ndinayamba kuyenda wapansi mpaka m'tauni, ku shopu ina ya magemu pafupi ndi pokwerera makombi, kumene panalibe wondidziwa woti n'kukanena kunyumba. Kumeneko sikunali ana okhaokha. Kunali akuluakulu osewera ndalama zili patebulo, ndipo n'kumene ndinaona koyamba bambo wandevu akuika foni yake kuti ikhale chikole pa gemu ya mphindi khumi. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinalibe choti n'kubetcha. Msuweni wanga amene tinkapita naye sanapulumuke. Anaphunzira kumeneko kuti mpira umakoma pakakhala ndalama, ndipo lero malipiro ake amathera m'mashopu obetchera mwezi usanafike pakati. Padi sanaigwirenso kwa zaka zambiri. Chimene chinamugwira si gemu.

N'chifukwa chake ndikamva kholo likunena kuti ligulitsa PlayStation, magazi amandiwira. Mukaigulitsa, amayi, chilakolako cha mwanayo simunachigulitse. Ku Mufakose kuli mashopu a magemu, ku Glen View aliko, m'tauni ndiye osanena. Adzapita kumeneko, ndipo inu simudzadziwa amene wakhala naye pabenchi. Lero mwana wanu ali m'nyumba mwanu, mukumumva akukuwa chigoli. Mumzinda uno mmene mankhwala ozunguza bongo a mutoriro ndi bronco amalizira anyamata, ena a zaka zomwezo za mwana wanuyo, kodi ndi makolo angati amene angapereke chilichonse kuti mwana wawo azipezeka pabalaza nthawi ya usiku? Ndatopa nawo makolo amene amaweruza chinthu chimene sanakhalepo pansi kuchionerera ngakhale theka la ola. Amadziwa kuti mwana "akusewera magemu", koma mukawafunsa kuti gemu yanji, akusewera ndi ndani, amakhoza kapena sakhoza, alibe yankho. Mwana akamamenya mpira wa chikulunga pafumbi timati akulimbitsa thupi. Akakhala pa padi n'kumawerenga kumene mnzake aponyere mpira masekondi awiri asanaponye, timati wapenga. Ayi, zimenezo sindivomereza.

Nkhani yodzuka usikuyo ndiye muiganizire bwino musanamuweruze. Magetsi kwanuko amabwera nthawi yanji? Mu 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a Harare ankakhala mpaka maola 18 patsiku opanda magetsi, ndipo chakumapeto kwa 2022 zinabwereranso. Tonse tinaphunzira moyo wa kadzidzi: kusita pakati pa usiku, kuphika nyemba pakati pa usiku, kutchaja mafoni pakati pa usiku. Osewera magemu nafenso tinatero. PlayStation 4 imatha kudya mawati opitirira 100 ikamasewera, kuwonjezera TV, choncho kasola kakang'ono koyatsira mababu ndi kutchajira foni sikangaikwanitse. Ngati masana onse kulibe magetsi ndipo akubwera anthu atagona, mwanayo sakusankha usiku chifukwa cha mwano. Ndi nthawi yokhayo imene makinawo akuyaka. Sindikuti zili bwino kuti mwana wa sukulu azigona maola ochepa, ayi. Koma mankhwala a vuto limenelo ndi ena, ndipo kugulitsa sikuli m'gulu lake. Pomwepa ndinenenso kuti magetsi ozima mwadzidzidzi ndi obwera mwamphamvu ndi amene amapha makina amenewa kuno. Kagulireni surge protector, kachipangizo koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo magetsi akazima muzizula pulagi pakhoma.

Kwathu ku Highfield Loweruka masana timasonkhana anyamata akale a pabenchi paja, ena tsopano ndi madalaivala, wina ndi mphunzitsi, wina amakonza mafoni m'tauni. Timabwera ndi ana athu. Gemu ya FIFA imene timasewera kampani ya EA inaisintha dzina mu 2023 itasiyana ndi bungwe la FIFA, tsopano ndi EA Sports FC, koma palibe amene amaitchula choncho pakhomo panga. Ndinaika lamulo limodzi lokha, lakuti padi ikakhala m'manja tilankhule Chichewa. Ana athu kusukulu ndi Chingerezi, pamsewu ndi Chishona, ndipo ngakhale malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, m'nyumba zambiri za matchona chatsala m'kamwa mwa agogo okha. Mwana wanga wamkazi, amene ankayankha agogo ake m'Chishona nthawi zonse, mawu ake oyamba a Chichewa otuluka okha osakakamizidwa anali akuti "mwadya, adadi!" atandigoletsa chachitatu. Palibe buku limene likanamuphunzitsa kunena zimenezo ndi mphamvu yoteroyo. Ndipo inde, atsikana amasewera, ena amakhoza kuposa azichimwene awo, kungoti m'mashopu muja sawalandira bwino.

Chimene ndimachiopa ine

Ndi ndalama. Magemu a masiku ano si ngati PES 6 yathu ija, imene ukagula chimbale ndiye kuti wamaliza. Mu FIFA muli gawo lotchedwa Ultimate Team, mmene munthu amagula mapaketi a osewera asakudziwa kuti mutuluka ndani. Ukhoza kulipira n'kupeza katswiri, ukhoza kulipira n'kupeza zinyalala, ndiye umalipiranso. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi oterewa ndi juga, ndipo kumayambiriro kwa 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira mapaketiwo kumeneko. Ine ndikugwirizana nawo a ku Belgium. Magemu a pafoni monga Free Fire ndi PUBG Mobile nawonso amati ndi aulere, koma mkati mwake amangokunyengerera kuti ugule madayamondi ndi zovala za kamunthu kako, osawerengera mabandulo a intaneti amene amatha ngati madzi. Mwana wa zaka 14 alibe ndalama zake, choncho akayamba zimenezi ndalamazo zichokera pafoni yanu kapena m'chikwama mwanu. Pamenepo ndi pamene muyenera kuimika makutu, osati pa phokoso la chigoli.

China ndi zimbale zimene akusinthana ndi anzake. Pachikuto cha chimbale chilichonse pamakhala nambala ya zaka, monga 3, 7, 12, 16 kapena 18. Mpira uja vuto ulibe. Grand Theft Auto V ndi ya 18, ndipo inalembedwa choncho pa zifukwa zenizeni, muli kuphana, kutukwana ndi zolaula. Ine ndimaisewera, koma mwana wanga sanaigwirepo ndipo saigwira posachedwa.

Matenda a magemu aliko, sindikukana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'ndandanda wake wa matenda mu 2019. Koma amafotokoza momveka: munthu amene walephereratu kudziletsa, amene magemu adutsa china chilichonse m'moyo wake, amene akupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka, ndipo zimenezi zachitika kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Mwana amene walandira chinthu chimene wakhala akuchilakalaka moyo wake wonse, n'kukomedwa nacho miyezi ingapo yoyamba, sanafike pamenepo.

Musaiwalenso kuti mphatsoyi inachokera kwa malume ake. Kwa ife Achewa malume ndi mwinimbumba, ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wake. Munthu anavutika ku Joni, n'kunyamula bokosi limenelo kudutsa nalo pa Beitbridge. Mukaligulitsa iwo osadziwa, mwayambitsa mlandu wina wosafunika. Aimbireni, ndipo iwo omwewo ndi amene alankhule ndi mnyamatayo za nthawi yogona, chifukwa mwanayo adzawamvera msanga kuposa wina aliyense pa nkhani ya PlayStation imeneyi.

Ndiye chitani izi, amayi. Ichotseni kuchipinda kwake muiike pabalaza. Mkati mwa sabata mapadi azigona m'chipinda chanu ikangokwana nthawi yogona, kaya magetsi abwera kaya sanabwere, koma Lachisanu ndi Loweruka mumulole asewere mpaka akhute. M'makinamo muli gawo la Family Management loikira maola osewera ndi kutseka zogula. Malume ake kapena wokonza mafoni aliyense akhoza kukuikirani. PIN ya foni yanu isinthe lero. Muone nambala pachikuto cha chimbale chilichonse cholowa m'nyumba. Lipoti la sukulu likatsika, mapadi akhale kwa inu mpaka likwere, koma makinawo asachoke pakhomo. Ndipo Loweruka likubwerali khalani naye pansi, mumuuze akupatseni padi yachiwiri akuphunzitseni batani loponyera ndi lomenyera, kenako mumufunse mayina a anzake onse amene amasewera nawo pa intaneti komanso kumene amakhala.