Za mwambo woitana ana osankhidwa kulowa Order of the Arrow

Achemwali, ndaona funso lanu lija, loti komiti ya troop (gulu la ma Scout) ya mwana wanu yakusenzetsani ntchito yokonza call-out (mwambo woitana mayina pamaso pa anthu) ya ana anayi amene anzawo awasankha kulowa Order of the Arrow, bungwe laulemu la ma Scout a kuno ku America, ndipo mwasowa poyambira: mugule chiyani, muitane ndani, muchitire kuti. Ine ndathandizapo pa miyambo imeneyi kangapo kuno ku Indiana, kuyambira pamene mwana wanga wachisamba anasankhidwa, ndiye ndiloleni ndiponyepo mawu.

Yambani mwatula kaye katunduyo, si wanu nokha. Bungweli amaliyendetsa ndi achinyamata eni ake osakwana zaka 21, akuluakulufe ndife alangizi chabe. Council yanu (ofesi yoyang'anira ma Scout a m'chigawo chanu) ili ndi lodge yake, imene ndi nthambi ya bungweli, ndipo ma lodge ambiri anagawidwa m'ma chapter, timagulu ta m'madera. Sabata yomwe ino pezani mlangizi wa chapter ya dera lanu, mumuuze tsiku limene mukuganiza. Iwo ali ndi ana amene amayeserera mwambowu chaka chonse, mawu ake anawaloweza kale. Zanu inu ndi malo, makolo, mayina ndi choika kukamwa. Makolo akalanda mwambo uwu umasanduka msonkhano wa zolankhula zosatha, ana n'kumayasamula.

China choti chikhazikike m'mutu: call-out ili ngati chitomero, ukwati sunachitike. Anawo sanalowe m'bungwemo, angoitanidwa pamaso pa anthu. Kulowa kwenikweni ndi pa Ordeal, pamene mwana amagona panja payekha usiku umodzi, kutacha n'kugwira ntchito yamanja pa kampu tsiku lonse, osalankhula, chakudya chili chochepa. Lamba woyera wa muvi wofiira uja, amene amamukoleka paphewa la kumanja, amalandira kumeneko. Choncho musagule lamba, musasindikize masatifiketi olembedwa kuti ndi mamembala. Chingwe chovala m'khosi chokhala ndi kamuvi kamtengo n'chokwanira, ndipo nthawi zambiri a chapter amabwera nacho okha.

Tsopano mayina. Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa mwambo wonsewu ndi wa dzina. Tengani mndandanda kwa Scoutmaster, wamkulu wotsogolera troop, ufanane ndi pepala la zotsatira za chisankho limene a lodge ali nalo. Mwana aliyense pamenepo anafika pa mlingo wa u-Scout wotchedwa First Class, anagona pa kampu mausiku 15 m'zaka ziwiri zapitazi, Scoutmaster anamuvomereza, ndipo theka kapena kuposerapo la anzake amene anaponya voti linamusankha, kuphatikizapo ana amene si mamembala a bungwelo n'komwe. Ulemu wake wagona pomwepo, kuti amusankha ndi anthu amene amagona naye tenti imodzi, amene amadziwa ngati amatsuka mapoto kapena amazemba. Ndiye dzina lotero lisapunduke pakamwa pa woitana. Usiku wa mwana wanga, mnyamata woitana uja anafika pa dzina lathu la makolo, analiyang'ana ndi tochi, kenako anatulutsa phokoso limene ngakhale ine bambo wake sindinalizindikire. Mwanayo anangoima poti njo, mpaka mnzake anachita kumugunda ndi chigongono. Anthu anaseka, iye anasekanso, koma m'galimoto pobwerera sanayankhule. Kuyambira pamenepo ndimajambula mayina onse pa foni, mwini wake kapena kholo akutchula, n'kutumiza kwa woitana kudakali masiku. Si athu okha a Nkh- ndi Ng'- amene amavuta, a ku Poland ndi a ku Vietnam nawonso amaphedwa chimodzimodzi. Lembani zilembo zikuluzikulu pa khadi, chifukwa kuwala kwa moto kumanyenga maso.

Funsaninso Scoutmaster ngati anawo auzidwa kale zotsatira. Ena amalengeza tsiku lomwelo la chisankho, ena amasunga chinsinsi mpaka pa moto. Ngati n'chinsinsi, nong'onezani makolo okha kuti abwere, ndipo aonetsetse kuti mwanayo sajomba. Kuitana dzina katatu mwini wake ali ku mpira n'kochititsa manyazi.

Mudzamva madoda ena akulakalaka za makedzana, pamene mwambowu unkatchedwa tap-out, woitana akumenya mwana paphewa mwamphamvu mpaka kudzandira. Zimenezo zinaletsedwa. Palibe kumenya, kukoka, kunyamula mwana kapena kumumanga m'maso. Dzina limveke, mwana atuluke yekha pamzere, wina amuperekeze kutsogolo. Basi.

Za zovala, ine ndimati yunifomu ndi lamba wa muvi, zatha. Bungweli analiyambitsa ndi E. Urner Goodman ndi Carroll A. Edson mu 1915 pa kampu ya Treasure Island, pachilumba cha mu mtsinje wa Delaware, ndipo anabwereka mawu a chilankhulo cha a Lenape ndi zifanizo za eni nthaka a kuno. N'chifukwa chake zithunzi zakale zadzaza nthenga kumutu ndi ng'oma. Masiku ano malamulo ake anakhwima, ndipo lodge siingangovala zimenezo popanda mgwirizano ndi mtundu wa eni akewo. Ifeyo sitiyenera kuchita kufotokozeredwa kawiri. Tangoganizani mwana wa ku Ohio atasoka chigoba cha gule wamkulu poonera zithunzi pa intaneti, n'kumadumpha nacho pa kampu anthu akujambula. Mungamve bwanji?

Nthawi yabwino ndi chisisira, mdima ukungoyamba, ndipo mwambo usapitirire mphindi 20. Moto ukhale woyala kale ndi nkhuni zouma. Malamulo a Scouting America, bungwe lalikulu la ma Scout kuno, salola kuyatsira moto ndi petulo kapena parafini, ngakhale wina alumbire kuti amatero chaka chilichonse. Ndowa za madzi zikhale pafupi, wamkulu mmodzi ntchito yake ikhale moto wokha, ndipo funsani a paki ngati sanaletse moto chifukwa cha chilala. Sungitsaninso holo ya tchalitchi imene troop imakumanirako, mvula ya kuno siipangana ndi munthu.

Pali mwana mmodzi amene okonza mwambo amamuiwala: uja anali pa mndandanda wa oyenera koma mavoti sanakwane. Adzaima pamzere womwewo mtima uli m'mwamba, mayina n'kutha lake osamveka. Ngati zotsatira zili zobisa, pemphani Scoutmaster alankhule naye payekha kusanade, pamalo poonekera, amuuze kuti chisankho chimabweranso chaka chamawa. Ndipo wolankhula pa mwambo asanene kuti awa ndiye ma Scout abwino kuposa onse. Anene kuti anzawo awaona akutumikira mokondwera, ndipo akuwapempha kutumikira koposa. Tiana tatsopano timene tangochoka ku Cub Scouts, gulu la ana aang'ono, tikhale kutsogolo, tione bwino.

Mayina akatha, oitanidwawo apite pambali ndi mtsogoleri wa chapter, akuluakulu awiri olembetsedwa ali pomwepo, ndipo ngati pali mtsikana, poti atsikana anayamba kulowa mu 2019, mmodzi mwa akuluwo akhale mayi. Aliyense achoke ndi kalata yonena masiku a Ordeal, malo, ndalama zake, fomu ya zaumoyo ndi tsiku limene mwayi wake udzathe, chifukwa kusankhidwaku kuli ndi malire a nthawi. Ndaonapo ana akuitanidwa mwaulemu wonse, makolo misozi ili m'maso, kenako osapita ku Ordeal chifukwa palibe amene anawauza tsiku. Nthawi yomweyo inu sonkhanitsani makolowo pa tiyi. Anzathu ochokera kumudzi akangomva za usiku, moto ndi kukhala chete, maganizo amathamangira kutali. Auzeni poyera kuti Scouting America siilola magulu achinsinsi, ndipo kholo lofuna kudziwa zochitika pa Ordeal lili ndi ufulu wofunsa mlangizi wa lodge, ngakhale kukaonerera.

Mwati mwina mudikire kuti anawo akaitanidwire ku kampu ya chilimwe ku state ina. Zimatheka, koma lodge ya kumeneko siidzaitana ana anu popanda kalata yochokera ku lodge yakwanu yokhala ndi mayina awo, ndiye ipempheni msanga, sukulu zisanatseke. Za chakudya musavutike nazo: koko wotentha ndi mandasi anu aja, mungofunsiratu ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mazira kapena mkaka.