Yankho kwa asisi amene afunsa za basketball ya ma high school ku Indiana

Asisi, mwafunsa kuti bwanji agogo oyandikana nanu aja amangoti mpikisano wa basketball unafa mu 1997 pomwe mwana wanu akusewera ndipo chikho chikuperekedwabe chaka chilichonse. Agogowo sakunama ayi, koma sakukuuzaninso zonse, ndiye pepanitu ndilemba zambiri.

Kuyambira 1911 pomwe sukulu ya Crawfordsville inatenga chikho choyamba, masukulu a ku Indiana amalowa mpikisano umodzi, kaya sukulu ili ndi ana 100 kaya 3,000 zinalibe ntchito. Mumayamba sectional ndi masukulu oyandikana nawo, mukapambana regional, kenako semi-state, fainolo ku Indianapolis, ukaluza kamodzi wapakira basi tionana chaka cha mawa. Omaliza kutenga chikho cha mtundu umenewu anali Bloomington North mu 1997, kenako bungwe la IHSAA, limene limayendetsa masewera a ma high school ku Indiana, linagawa masukulu m'magulu anayi, 1A (aang'ono kwambiri) mpaka 4A (akuluakulu), potengera kuchuluka kwa ana. Ndiye pano pamatuluka akatswiri anayi osati mmodzi, ndipo bala la agogo anuwo lili pamenepo.

Mukawafunsa akuuzani za sukulu ya Milan, sizilephera. Mu 1954 kasukulu ka ana 161 kanamenya Muncie Central 32-30 mu fainolo ku Butler Fieldhouse, imene pano amaitcha Hinkle, ndipo Muncie Central sanali ana ayi, anali atatenga chikho mu 1951 ndi 1952. Nthawi imeneyo kunalibe wotchi yokukakamiza kuponya, ndiye mu kota yomaliza Bobby Plump wa Milan anangoima chilili mpira uli m'manja kwa mphindi zoposa 4, holo yonse ikukuwa iye phee, kenako kutatsala timasekondi anaponya n'kugoletsa. Filimu ya Hoosiers ya 1986 anaitengera pamenepo. Zili ngati katimu ka kumudzi kakaigwetse Bullets mu fainolo pa Bingu, anthu angasiye liti kukamba? Inu a ku South Bend dziwaninso kuti Milan yomweyo chaka cha 1953 inatulutsidwa ndi South Bend Central, sukulu imene John Wooden anakhalapo kochi asanatchuke ku yunivesite ya UCLA. Ndipo chimene agogo ambiri amadumpha n'choti mu 1955 chikho chinapita ku Crispus Attucks, sukulu ya ana akuda okhaokha ya ku Indianapolis komwe kunali katswiri wosewera Oscar Robertson, n'kuchitenganso 1956 osaluza gemu ngakhale imodzi. Imeneyo inenso ndimaikonda kuposa ya Milan, koma ndi nkhani ya tsiku lina.

Vuto ndi loti Milan inachitika kamodzi. Kuchoka 1954 mpaka 1997 palibe sukulu yaing'ono choncho inatenganso chikho, ndiye ma hedi a masukulu ang'onoang'ono anatopa kuona ana awo akusambitsidwa chokweza ndi sukulu yaikulu ya pa boma chaka ndi chaka, nawonso amafuna kaulemu kawo. Pamenepo sindingawadzudzule.

Koma ine ndimati chinapha chikoka si magulu anayiwo, matenda anayamba kalekale. M'ma 1930 masukulu olowa mpikisano anali pafupifupi 800, kamudzi kalikonse kanali ndi high school yake ndi jimu yake, ndipo nthawi yozizira kunja kuli chipale, minda ya chimanga ili mbee, Lachisanu madzulo kunalibenso kwina kopita. Mu 1959 boma la Indiana linakhazikitsa lamulo lophatikiza masukulu, timasukulu tambiri tinatsekedwa, pano atsala pafupifupi 400. Tangoganizani, midzi itatu imene inali pa chidani cha mpira kuyambira nthawi ya makolo aiphatikiza sukulu imodzi yomangidwa pakati pa minda, dzina lake la kampasi, North chakuti kaya South chakuti, ana akupita pa basi yachikasu, ndiye munthu wamkulu amene anavala jezi ya mudzi wake akasapote ndani? Anthu oonera mpikisano wonse anafika pachimake kumayambiriro kwa m'ma 1960, oposa 1.5 miliyoni, pofika 1997 anali atatsika kale pafupifupi ndi theka, magulu asanabwere n'komwe. Inde fainolo ya 1990 ku Hoosier Dome inadzaza anthu oposa 41,000, koma ambiri anapitira mnyamata mmodzi, Damon Bailey wa Bedford North Lawrence, amene anatchuka asanalowe n'komwe high school.

Kenako mafakitale. Tawuni ya Anderson inkadalira mafakitale a General Motors, jimu yawo Wigwam inkalowa anthu pafupifupi 9,000 ndipo matikiti a season anali osowa, ntchito zitatha mabanja anasamuka, ma high school atatu anatsala imodzi, Wigwam anaitseka mu 2011. New Castle ili ndi jimu ina yaikulu choncho imene anaitsegula mu 1959, ikadalipo, koma mukapita gemu wamba mukaona mipando yam'mwamba ili yokhayokha, band ikuimba, fungo la popcorn lili thoo, anthu aunjikana mmunsi mokha.

Chimene magulu anaonongadi, apa ndiwavomereze agogo, ndi sectional. Kale umasewera ndi anthu oti umakumana nawo ku tchalitchi ndi ku golosale, ukawamenya uwaseka chaka chonse. Pano sukulu yoyandikana nanu mwina ili gulu lina, ndiye mumayenda ola lathunthu kapena kuposa pa galimoto Lachiwiri usiku kukasewera ndi anthu oti simukuwadziwa, agogo a zaka 80 sangayendetse mtunda umenewo mu mdima ndi chipale. Anayesa kukumanitsa akatswiri anayi aja mu Tournament of Champions koma zinangoyenda zaka ziwiri, 1998 ndi 1999, n'kuzisiya.

China muchiona nokha ndi mwana wanuyo posachedwa ndi AAU, basketball ya matimu oyendayenda amene si a sukulu. Ma kochi a ku koleji masiku ano amakaonera ana ku matimu oyendayenda a nthawi yotentha, komwe amaona osewera ambiri weekend imodzi, ndiye mwana waluso mtima wake uli uko, ena amachoka n'kupita ku masukulu apadera ngati La Lumiere ku La Porte konkuno. Konzekeranitu thumba chifukwa mahotela ndi mafuta zimadya ndalama zedi. Onjezani kuti magemu ambiri pano amaonetsa pa intaneti, munthu akuonera pa foni ali pa sofa, komanso masewera achuluka, atsikana nawo ali ndi mpikisano wawo kuyambira 1976.

Koma musamve ngati zonse zinatha. Ku timatawuni ta 1A ndi 2A timu ikapambana sectional ana amakwerabe makwerero kudula neti ndi sizasi aliyense kachidutswa kake, kwina amawakweza pa galimoto ya ozimitsa moto kuzungulira tawuni usiku ma siren akulira, ndipo masukulu ena amene sakananunkha chikho mpaka kalekale pano ali ndi mbendera yawo pa khoma. Sectional ya anyamata imakhala kumayambiriro kwa March, ya atsikana February, ndiye sankhani ya ku tawuni yaing'ono Loweruka usiku, mufike msanga chifukwa ya fainolo imadzazabe. Agogowo mukafuna kuwasangalatsa auzeni za Kentucky, kumeneko anyamata akuseweretsabe mpikisano umodzi wa masukulu onse, Sweet Sixteen ku Rupp Arena mu Lexington, mwina angakupempheni kuti muwaperekeze.