Opaleshoni ya chiuno: acheke kutsogolo, m'mbali kapena kumbuyo?

FUNSO: Bambo anga a zaka 67 awauza kuti mutu wa fupa la ntchafu unatha ndipo afunika kuwaika wachitsulo. Mchimwene wanga wa ku Johannesburg akulimbikira kuti tifune dokotala wocheka kutsogolo, ati ndiyo njira yochiritsa msanga. Kodi n'zoona? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene anuwo akunena zoona, koma pang'ono chabe. Dokotala akacheka kutsogolo kwa ntchafu amadutsa pakati pa minofu osaidula, choncho odwala ambiri samva ululu kwambiri ndipo amasiya ndodo msanga m'masabata 6 oyambirira. Komabe pakatha chaka, kusiyana kwa kayendedwe ka amene anachekedwa kutsogolo ndi amene anachekedwa kumbuyo kumakhala kochepa zedi. Njirayi ili ndi zovuta zake: kamtsempha ka pansi pa khungu kamatha kukhudzidwa n'kusiya dzanzi kunja kwa ntchafu, ndipo dokotala amene sanaizolowere akhoza kung'alula fupa.

Njira ya kumbuyo, yodzera m'thako, imamuonetsa dokotala malo onse bwinobwino, koma kuyambira kale imadziwika ndi vuto la kuguluka kwa chitsulocho, ngakhale kuti masiku ano vutoli linachepa chifukwa amasokanso minofu imene adula. Apa m'pofunika kuganizira za moyo wa kumudzi, chifukwa kwa masabata angapo bambo anu adzaletsedwa kupinda chiuno kwambiri, kupingasa miyendo, kukhala pamphasa kapena pakampando kakafupi, ndiponso kunyonyomala pachimbudzi chokumba. Mpando wautali wobowola pakati uyenera kukhala utakonzedwa asanatuluke m'chipatala.

Njira ya m'mbali, imene dokotala wa mafupa Kevin Hardinge anaifotokoza mu 1982, siguluka kawirikawiri, koma ena amatsala akutsimphina chifukwa minofu yogwira chiuno poyenda imadulidwa.

Ine sindingalimbikitse banja kuwononga ndalama posaka njira imodzi. Afunseni adokotala kuti amagwiritsa ntchito njira iti, amachita maopaleshoni otere angati pachaka, ndipo mafizo adzachitikira kuti, popeza dzanja lozolowera ndilo limachepetsa mavuto pa njira zonse zitatu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti pafupifupi ziuno 58 mwa 100 zilizonse zoikidwa zimafika zaka 25 zisanasinthidwe. Ngati bambo anu ali ndi shuga kapena amasuta fodya, yambani ndi zimenezo, chifukwa zimachedwetsa bala kupola.