Kwa Mayi amene atumidwa kukafuna thandizo ku Scotland

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati mukupita ku Scotland kukaona mwana wanu, ndipo anzanu a Mvano akutumani kuti mukawapezere mpingo woti uzithandiza ana amasiye amene mumawaphikira phala, ndiye mukufuna kudziwa pokayambira. Ine ndinakhalako kumeneko, ndinkapemphera pa mpingo wina wa Church of Scotland kufupi ndi Glasgow. Ndikuuzani zimene ndinaona, ngakhale zina sizikoma m'khutu.

Chidzayambe kukudabwitsani ndi mabenchi. Tchalitchi chachikulu chamiyala, choti kwathu kuno anthu akanadzaza mpaka pakhonde, koma m'katimo muli anthu owerengeka, ambiri aimvi. M'zaka za m'ma 1950 mpingo umenewu unali ndi akhristu oposa 1.3 miliyoni, lero safikanso 300,000. Matchalitchi ambiri atsekedwa, ena anagulitsidwa n'kusanduka nyumba zogonamo, ena malo omwera mowa. Pa kalembera wa mu 2022, anthu opitirira theka a m'dzikomo ananena kuti alibe chipembedzo. Ndi mpingo womwe uja unatumiza amishoni amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876. Anzanu akamati kwa azungu ndalama zili mbwee, akunena za mpingo wa nthawi ya agogo athu.

Ndalama zimene zimafika kuno zimachokera m'manja mwa nkhalamba zomwezo. Gogo wa penshoni aphika makeke kunyumba kwake, Loweruka m'mawa abwera nawo ku holo ya mpingo n'kumagulitsa pamodzi ndi tiyi. Wina aima tsiku lonse m'sitolo ya kaunjika ya bungwe lachifundo osalandira kanthu. M'mwezi wa Meyi kumakhala sabata ya bungwe lachifundo la Christian Aid, anthu amaponya m'timaenvulopu tofiira, ndipo Akatolika pa Lenti amakhala ndi kabokosi ka SCIAF, bungwe lawo lachifundo, m'nyumba koponyamo tchenji. Zimachita kuunjikana paundi imodziimodzi. Ndipo holo yomweyo mkati mwa sabata inkasanduka pogawira chakudya. Ndinathandizako kusanja zitini ndi mkaka m'zikwama, ndipo obwera kudzalandira ambiri anali eni dziko, ena atagwira ana padzanja, nkhope zili pansi ndi manyazi. Amayi amene ankawapatsa chakudya aja ndi omwewo ankasonkhera za ku Malawi. Sankalalikira munthu pamzere. Ankangomuthirira tiyi n'kukhala naye pansi, ndipo ine amene ndinazolowera kuti thumba la ufa limayamba ndi ulaliki wautali, zinandigwira mtima.

N'chifukwa chake musadzakhumudwe akadzayamba kufunsa malisiti. Si kuti akukuyesani akuba. Mpingo uliwonse wa Church of Scotland kumeneko ndi wolembetsedwa ngati bungwe lachifundo, ndipo chaka ndi chaka umapereka lipoti la ndalama ku ofesi yoyang'anira mabungwewa yotchedwa OSCR. Msungichuma wawo akalephera kulongosola kumene ndalama yapita, mlandu ndi wake.

Taonani mmene Mary's Meals, bungwe lodyetsa ana kusukulu, inayendera. Likulu lake lili ku Dalmally, kamudzi ka ku Argyll, ndipo inayambira m'kashedi kamalata. Kuno ku Malawi inayamba mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, pano ikudyetsa ana oposa 2 miliyoni m'maiko osiyanasiyana. Koma amene amadzuka m'mbandakucha kukatakasa phala kusukulu ndi amayi a m'mudzi, osalipidwa. Anthu a ku Scotland zimenezi amazidziwa bwino, ndipo amamasula dzanja akaona kuti eni ake ayamba kale. Inutu mwayamba kale, mphika uli pamoto. Chimenecho ndicho chuma mutenge.

Ndiye musananyamuke, pemphani kalata kwa abusa ndi alembi a sesheni. Tengani kope limene mumalembamo zosonkha ndi zogula, ngakhale lili lakuda ndi utsi, pamodzi ndi chiwerengero cha ana komanso masiku amene amadya pa sabata. Ngati gulu lanu lilibe akaunti yake kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu, tsegulani tsopano, chifukwa ndalama za mpingo sadzazitumiza pa foni ya munthu mmodzi. Zithunzi za ana muyambe mwapempha chilolezo kwa owalera, kumeneko nkhani imeneyi saiseweretsa.

Mukafika, Lamulungu loyamba musatulutse pempho. Kapemphereni, tsalirani pa tiyi mapemphero akatha, auzeni kuti mwachokera ku Malawi. Musadabwe wina akadzakuuzani kuti azakhali ake anali namwino ku Mulanje kapena anaphunzitsako ku Livingstonia. Akakupemphani kuti muimbe, imbani m'Chichewa. Mipingo ingapo ya kumeneko ili kale pa ubale ndi mipingo ya CCAP, ndipo a Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh, bungwe lolumikizitsa anthu a ku Scotland ndi a ku Malawi, amadziwa amene akugwira ntchito m'dera lanu, choncho auzeni mwana wanu awalembere inu musanafike.

Nthawi yopempha ikadzakwana, musadzangoti tithandizeni. Tchulani chinthu chimodzi chodziwika mtengo wake, kaya mapoto akuluakulu awiri, kaya matumba a soya a teremu imodzi, ndipo munene tsiku limene mudzatumize malisiti ake.