Ndiyambire Pati Kukonza Galimoto Yakale?

Funso: Ndagula Volkswagen Beetle ya 1972, koma ndalama zondithandiza kuikonza ndi zochepa. Kodi ndiyambe ndi penti kapena injini?

Yankho: Penti idikire ndithu. Yambani ndi mabuleki, chifukwa mapaipi ake a labala amauma ndi kung'aluka akakhalitsa, ndipo sindikufuna kuti muzindikire zimenezi muli pamtsetse. Kenako sinthani mapaipi a petulo, pakuti injini ya Beetle ili kumbuyo, moti petulo akadontha pa chitsulo chotentha, moto umabuka inu osaona. Mukatero, nyamulani mpando wakumbuyo muone pansi pa batire, pomwe dzimbiri limakonda kuboola. Ngati injini ikulira bwino, ingosinthani oyilo, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku matayala.